ZA UMOYO: Matenda ena sagogoda pakhomo

Mlimi wa ku Angónia sanyamuka ndi thumba la mbatatesi kupita kumsika wa ku Ulónguè asanapope matayala a njinga ndi kuona mabuleki. Koma thupi lake amalitengera kuchipatala pokhapokha atagona pamphasa.

Matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ena amati BP, kawirikawiri sapweteka poyamba. Munthu amalima ndi kudya bwinobwino pamene mtima, impso ndi mitsempha zikuonongeka mwakachetechete. Tsiku lina amangogwa, mbali imodzi ya thupi n'kufa, pakamwa n'kupotoka, ndipo pamudzi anthu amayamba kulozana zala kuti walodzedwa.

Chonsecho kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa. Namwino amamanga lamba pamkono n'kuwerenga manambala awiri. Akafika pa 140/90 kapena kuposa apo pa masiku osiyana, ndiye kuti matendawa alipo. Mankhwala ake ndi omwa tsiku ndi tsiku ngakhale munthu akupeza bwino, ndipo mchere usapose kasupuni kamodzi patsiku.

Aliyense amene wakwanitsa zaka 40 azikayezetsa chaka chilichonse ndi kusunga manambalawo pakhadi. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.