Mlendo Wokhoma Msonkho Asalipire Chipatala Kawiri

Wopita kukakhala ku Britain miyezi yoposa 6 amalipiratu ndalama ya zaumoyo asanalandire viza. Mu 2015 inali mapaundi 200 pachaka. Kuyambira 2024 ndi mapaundi 1,035. Ena amati mlendo sanasonkhepo kanthu ku NHS, bungwe la boma loyendetsa zaumoyo, choncho azilipira. Koma mlendo wapantchito amadulidwa msonkho pamalipiro mofanana ndi nzika, ndiye kuti akulipira kawiri. Mu 2020 boma linachotsera ndalamayi ogwira ntchito zachipatala. Ngati namwino wochokera ku Malawi samalipira, mphunzitsi akulipiriranji? Kukakamiza aliyense kukhala ndi chitetezo cha zaumoyo n'koyenera, chifukwa matenda sapangana. Koma mtolowo ausenze wolemba ntchito, monga likulamulira lamulo la Dubai la 2013.