Mwala wobiriwira wa mkuwa si mankhwala a madzi akumwa

Pali uthenga umene ukuyenda pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo mafoni a ku Insaca sautsekera kunja. Akuti miyala yobiriwira yotchedwa malachite ndi chrysocolla imakhazika mtima pansi, imathamangitsa mizimu yoipa, imachiza nyamakazi, ndipo ukainyika m'chikho usiku wonse madziwo amasanduka mankhwala. Zinazo munthu angazimve n'kungomwetulira, koma za kumwa madziwo sitingazilekerere, chifukwa boma lathu la Mecanhelas lili m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, kumene kolera si mlendo.

Miyala iwiriyi ndi ya mkuwa, ndipo mtundu wake wokongolawo umachokera ku mkuwa womwewo. Mu malachite, mkuwa umapitirira theka la kulemera kwa mwala wonse. Yonse ndi yofewa: pa muyeso wa Mohs, umene umathera pa 10, malachite ili pakati pa 3.5 ndi 4, chrysocolla nthawi zambiri imatsikirapo, pomwe mchenga wamba uli pa 7. N'chifukwa chake odziwa miyala amalangiza kuti mkanda wotere uzipukutidwa ndi kansalu kofewa, usungidwe pawokha, usasambidwe nawo, ndipo usakhudzane ndi mandimu kapena viniga. Donthezani madzi a ndimu pa malachite, pamwamba pake pamayamba kudyeka. Tsono ogulitsa omwewo amene amatichenjeza kuti mwala wawo sulimba ku asidi ndiwo akutiuza kuti timwe madzi ake, ngati kuti m'mimba mwa munthu mulibe asidi woposa wa ndimu. Thupi la munthu wamkulu limafuna mkuwa wosakwana miligalamu imodzi patsiku, ndipo nyemba, mtedza ndi chiwindi zimapereka kale umenewo. Bungwe la WHO linaika malire a mamiligalamu 2 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Ukachuluka, munthu amachita nseru, amasanza, amatsegula m'mimba, ndipo pakapita nthawi chiwindi chimawonongeka. Amene amasema miyalayi amainyowetsa pogwira ntchito poopa kupuma fumbi lake.

Wina anganene kuti mkuwa umaphadi tizilombo, ndipo sakunama. Alimi a tomato amapopera mankhwala a mkuwa pothana ndi chiwawu, ndipo ofufuza a ku India anasonyeza mu 2012 kuti madzi osungidwa maola 16 mumtsuko wa mkuwa amatha tizilombo ta matenda otsegula m'mimba, kuphatikizapo ta kolera. Koma kumeneko unali mtsuko wathunthu wa chitsulo chodziwika, ndipo mkuwa wolowa m'madzi unayezedwa. Kamwala ka pamsika palibe akudziwa kuti kasakanikirana ndi chiyani m'nthaka momwe kanakumbidwa, ndipo tina timene timagulitsidwa ngati malachite ndi pulasitiki wopakidwa mizere. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022, tsidya lina la malire athu a Entre Lagos ndi Nayuchi, unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo chaka chomwecho matendawa anabukanso kuno ku Niassa. Mayi amene wasiya kuthira mankhwala a Certeza mumtsuko kapena kuwiritsa madzi chifukwa waponyamo mwala, waika ana ake pachiswe.

Za nyamakazi n'zachidule. Mu 2013 ofufuza a ku University of York ku England anaveka odwala nyamakazi zibangili za mkuwa, ndipo ululu ndi kutupa sizinasinthe kuposa pamene odwalawo anavala zibangili zopanda mkuwa.

Chovuta kuyankha ndi cha mizimu, poti chikhulupiriro cha munthu sichiyezedwa pa sikelo. Amene amamva mtima kutsika akagwira mwala wozizira m'dzanja sitikumutsutsa. Tingokumbutsa kuti mu 2001 Christopher French wa ku Goldsmiths ku London anapatsa anthu ena miyala yeniyeni, ena magalasi ofanana nayo, ndipo magulu onse awiri anati akumva kutentha ndi kunyerenyetsa m'manja mofanana. Chimene sitivomereza ndi kunena kuti izi ndi nzeru za makolo athu. Mawu a "chakra" ndi "mphamvu za miyala" amene ali mu uthengawo anatchuka ku America m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, si kwa asing'anga a kuno. Anthu akale a ku Katanga, kumene mbiri ya Amaravi imati kunachokera makolo athu, komanso a ku Kansanshi pafupi ndi Solwezi, ankaudziwa bwino mwala wobiriwirawu. Ankaukumba, kuusungunula m'ng'anjo ndi makala, n'kupanga mitanda ya mkuwa imene inkagwira ntchito ngati ndalama, monga imene inafukulidwa m'manda a ku Ingombe Ilede m'chigwa cha Zambezi m'zaka za m'ma 1960.

Amene anagula kale mwalawu auvale pakhosi kapena pamkono, auvule posamba ndi pochapa, ausunge kutali ndi ana amene amaika chilichonse m'kamwa. Ndipo m'nyumba mukagwa wotsegula m'mimba, amwe madzi a ORS ali m'njira yopita kuchipatala cha ku Insaca.