Chenjezo kwa Amakanika, Madalaivala ndi Akabaza a ku Nkhotakota

Amakanika nonse a mumsewu wa M5, kuyambira ku Benga, kudzera pa Chia ndi pa Boma mpaka ku Dwangwa, pamodzi ndi madalaivala ndi akabaza, chonde lekani kugwiritsa zida ntchito imene sizinapangidwire. Khalidwe limeneli limapundula anthu, ndipo amene amakhala pafupi ndi ngoziyo ndi mnyamata wophunzira ntchito, uja amauzidwa kuti, "Iwe, gwira apa ndimenye."

Tiyambe ndi jeke, chifukwa kwathu kuno ndi kumchenga. Ntchito ya jeke ndi kukweza galimoto basi. Sanaipange kuti izisunga galimoto m'mwamba munthu atagona kunsi kwake. Minibasi ya Toyota Hiace, ngakhale ilibe munthu kapena katundu, imayandikira matani awiri. Mukaimika jeke pamchenga imatitimira pang'onopang'ono mbali imodzi, inu osaona, chifukwa maso ali pa bawuti. Kenako lole yodzaza idutse pafupi, nthaka injenjemere, kapena mukoke sipanala mwamphamvu, jeke ija yapendekeka. Kulemera konseko kumafikira pachifuwa, munthu osatha ngakhale kukuwa. Njerwa nazo musazidalire: sizichenjeza, zimangophwanyika kamodzi. Tsitsani anthu onse ndi matumba a mpunga kapena usipa, kokani handibuleki, ikani mugiya, pingani matayala ndi miyala. Pansi pa jeke yalani thabwa lochindikala, ndipo musanalowe kunsi ikani masitandi kapena zipika za mtengo wolimba. Tayala limene mwachotsalo ligonekeni pansi pa chasisi. Zimenezi sizitenga nthawi, ndipo palibe dalaivala wofulumira amene ali ndi ufulu wokuletsani.

Pali chizolowezi china choyesa batire pogundanitsa mitu yake ndi sipanala kuti muone ngati "ili ndi moto". Mavoti 12 amaoneka ochepa, koma mphamvu imene batire imatulutsa ikagundanitsidwa choncho imafika maampu mazanamazana, yokwanira kufiiritsa sipanala m'manja mwanu. Batire ikamatchajidwa imatulutsanso mpweya wa haidrojeni umene sumachedwa kuyaka. Kamoto kamodzi kokha, batire yaphulika, asidi ali kumaso. Yesani ndi mita kapena babu. Pochotsa batire yambani ndi waya wa negetivu, ndipo pobwezera muumange komalizira. Inunso amene mumaliza injini pogundanitsa sitata ndi sikuludilaiva, dziwani kuti ngati galimoto ili mugiya inyamuka inu muli patsogolo pake.

Tupa, sikuludilaiva ndi nkhope ya hamala anazipanga ndi chitsulo choumitsidwa. Chitsulo chotere sichipindika, chimathetheka. Mukatenga tupa kuti mukanulire chinthu, kapena kumenya hamala pa hamala inzake, kapena kusandutsa sikuludilaiva kukhala tchizulo, kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga kamauluka n'kukalowa m'diso. Tchizulo imene mutu wake wafutukuka chifukwa chomenyedwa kwa nthawi yaitali muisalaze kaye, ndipo magalasi oteteza maso akhalepo pagalaja paliponse, ngakhale pansi pa mtengo wa mango.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ngozi imene simachitikira pagalaja. Makanika walowetsa paipi yaitali ku wilo sipanala, waikwera ndi miyendo yonse, akudumphapo mpaka nati ilire. Mwini galimoto akumwetulira, akuti yamangika bwino. Chonsecho manati a magalimoto ang'onoang'ono ambiri amangofuna mphamvu ya pakati pa 100 ndi 120 Nm, imene mkono wa munthu wamkulu umakwanitsa popanda paipi. Mukapitiriza apo bawuti imatamuka ndi kufooka m'kati, koma kunja imaoneka yabwinobwino. Idzathyoka tsiku lina, mwina pamtsetse mumsewu wa M18 wodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota popita ku Kasungu, mwina polowa pamlatho mu M5, galimoto itadzaza amayi ndi ana. Chimodzimodzinso nati ya paipi ya mabuleki yomangidwa ndi pulayazi: makona ake amadyeka, simangika mokwanira, mafuta a mabuleki amayamba kudontha. Msomali woikidwa m'malo mwa pini ya pa tayirodi, kapena waya wokulunga m'malo mwa fyuzi, n'zimene zimachotsa chiwongolero m'manja mwa dalaivala kapena kuyatsa moto pansi pa dashibodi. Akabaza, njinga zanu zamoto zili m'gulu lomweli, makamaka nati ya ekiselo imene mumaimenya ndi tchizulo posowa sipanala ya saizi yake.

Zoona, zida zenizeni n'zodula, ndipo zina mpaka ukazipeze ku Lilongwe. Koma amakanika oyandikana angathe kusonkherana n'kugula masitandi awiri, mita imodzi ndi toku sipanala imodzi yobwerekana. Inu mabwana amene muli ndi anyamata ophunzira, makolo awo anakupatsani ana amaso awiri ndi zala khumi. Aphunzitseni dzina ndi ntchito ya chida chilichonse, ndipo alimbikitseni kuchita maphunziro a TEVETA. Eni magalimoto, mukaona makanika akulowa kunsi kwa galimoto yanu jeke ili yokha, muletseni.

Ngozi ikachitika, asidi wa batire mutsukeni ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako thamangirani kuchipatala. Kachitsulo kakalowa m'diso musatikite, musakatokose ndi kamtengo ka machesi kapena ngodya ya nsalu. Phimbani diso mosapanikiza ndipo pitani tsiku lomwelo ku chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena ku St Anne's, chifukwa dzimbiri limayamba kudya diso pakangopita maola ochepa. Wochekedwa ndi chitsulo chakuda akafunse za katemera wa kafumbata. Amene waphwanyidwa ndi galimoto, ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, pakuti magazi amatha kutayikira m'kati popanda bala looneka.