Mwana Wachialubino Satengera kwa Mayi Okha

M'midzi ina ya kuchigwa cha Domasi, m'munsi mwa phiri la Malosa, mwana akabadwa ndi khungu lachialubino mlandu umagwera mayi. Azakhali akuchimuna amavundukula chitenje, kuyang'ana khandalo kamodzi, n'kunena kuti kumtundu kwawo zoterezi kulibe. Mwezi usanathe, mkamwini wamanga katundu wake, wasiya mpunga wosaokera kudimba. Mayiyo amatsala ndi mwana kumsana komanso mbiri yoti anayenda njira ziwiri.

Mayiyu salakwa. Chialubino chimaoneka pokhapokha mwana akatengera kambewu kake kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolo onse awiri akhoza kukhala akuda bii, osadziwa kuti anakasunga m'thupi. Akakhala otero, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana abadwe wachialubino ndi umodzi pa inayi, ndipo mimba yotsatira kuwerengako kumayambiranso. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno, ndiye osunga kambewuko mwakachetechete ndi ochuluka kuposa pamenepo.

Matenda a sickle cell amayenda njira yomweyo. Khanda limatupa zala zam'manja ndi zakumapazi, kulira usiku wonse, maso achikasu, magazi kuchepa kawirikawiri. Banja limagulitsa mbuzi kukaombeza, agogo osalakwa n'kutchulidwa mfiti, chonsecho mankhwala monga hydroxyurea ndi penicillin, pamodzi ndi kuteteza mwana ku malungo, amachepetsa mavutowa.

Kufotokozera banja zinthu zotere ndi ntchito yomwe anthu amakaiphunzira pasukulu, uphungu wa matenda akumtundu. Katswiri wa ku America, Sheldon Reed, anaipatsa dzina mu 1947, ndipo sukulu ya Sarah Lawrence ku New York inayamba kuphunzitsa aphunguwa mu 1969. Ku South Africa amaphunzitsidwa ku yunivesite ya Witwatersrand ndi ya Cape Town. Komabe mu Africa muno akadali ochepa kwambiri. Kwathu kuno udindowu umagwera namwino yemwe panja pakumudikira mzere wa amayi asikelo wofika kumsewu.

Ngakhale mawu enieniwo amapunthwitsa. Wachipatala akanena kuti vuto lili m'majini, iye akutanthauza timbewu tachibadwa. Koma mayi wa kwa Malemia akamva mawu oti majini, amaganiza za ziwanda zofunika kukazitulutsa. Amatuluka m'chipindamo mantha atawonjezeka. Phungu wodziwa ntchito angatenge nyemba zofiira ndi zoyera, ziwiri m'dzanja la bambo, ziwiri m'dzanja la mayi, aliyense apereke imodzi ataphimba maso. Akabwereza kangapo, bambo uja amadzionera yekha kuti nyemba inayo yachokera m'dzanja lake.

Tisanene kuti sitingathe. Edzi itativuta, dziko lino linaphunzitsa aphungu oyeza magazi mpaka anafika pa zipatala zazing'ono zakumudzi, ndipo anthu anazolowera kukhala pansi n'kumva nkhani yolemetsa m'chipinda chotseka. Unduna wa Zaumoyo ndi yunivesite ya KUHeS ayambire pomwepo: aphunzitse anamwino, azamba ndi alangizi azaumoyo za matenda akumtundu, m'Chichewa ndi m'Chiyao, mothandizana ndi bungwe la anthu achialubino la APAM. Ena ochepa atumizidwe kukaiphunzira ntchitoyi mozama, adzakhale pa zipatala zazikulu ngati cha Zomba.

Phungu sagamula mlandu. Sauza anthu kuti musakwatirane kapena lekani kubereka, ndipo chinsinsi cha banja sachitulutsa panja. Amafotokoza zoona, banja n'kusankha lokha. Koma poti ukwati kwathu kuno si wa anthu awiri okha, makolo a mwana akalola, pa tsiku lofotokozera pakhale mipando inanso iwiri ya ankhoswe, wakuchimuna ndi wakuchikazi, nawonso azigwire nyemba zija mkamwini asanamange katundu.