Cromwell ndimamumvera chisoni, koma sanali woyera

Anzanga, ndiloleni nditsutsane ndi mnzanga wina wa m'kalasi mwathu amene akuti Thomas Cromwell anafa wosalakwa. Awirife takhala tikubwerekana buku la Wolf Hall, lolembedwa ndi Hilary Mantel, lomwe linatuluka mu 2009. Chingerezi chake n'cholimba zedi. Ine ndimawerenga dikishonale ili pambali, ndipo masamba ena ndimangodumpha, sindinama ayi. Nkhaniyi ili m'mabuku atatu, ndiye za awiri enawo anatifotokozera ndi aphunzitsi.

Poyamba nanenso ndinamukonda munthuyu. Anali mwana wa wosula zitsulo ku Putney, ndipo bukuli likuyamba bambo ake akumuponda mpaka magazi chuchuchu. Anathawa kwawo, anavutika kunja, kenako n'kudzakhala nduna yodalirika ya Mfumu Henry VIII ya ku England. Kwa ife amene timayamba tathirira kudimba tisanabwere kusukulu, nkhani yotere imakoma. Ndipo zimawawa kuona anthu obadwira m'mabanja apamwamba, monga Duke wa Norfolk, akumunyoza chifukwa cha kumene anachokera.

Koma taonani izi. Henry atatopa ndi mkazi wake Anne Boleyn, yemwe sanamuberekere mwana wamwamuna, ndani anasonkhanitsa milandu? Cromwell. Mu Meyi 1536 Anne anadulidwa mutu, ndipo amuna asanu anaphedwanso, mmodzi mwa iwo mlongo wake weniweni, George. M'buku lachiwiri Mantel akusonyeza kuti ena mwa amunawo Cromwell anawasankha dala, pobwezera chipongwe chimene anachitira bwana wake wakale, Cardinal Wolsey. Kodi ameneyu n'kumutcha wosalakwa?

Tsono yake inakwana mu 1540. Anapezera mfumu mkazi wina, Anne wa ku Cleves, koma mfumu sinamukonde. Mu Epulo anamukweza kukhala Earl wa Essex, mu Juni anamumanga ali pamsonkhano wa nduna, pa 28 Julayi anamudula mutu. Tsiku lomwelo Henry anali kukwatira mkazi wina, Catherine Howard. Nkhanza zake mfumu imeneyi, eee!

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sanapite naye kukhoti kuti akadziyankhire. Nyumba ya malamulo inangogamula kuti afe. Njira imeneyi ndi yomweyo imene iye mwini ankagwiritsa ntchito pothana ndi anthu ena.

Mnzangayo akuti akanakana zofuna za mfumu akanaphedwa msanga. Pamenepo ndikuvomera, chifukwa Thomas More anakana ndipo anadulidwa mutu mu 1535. Komabe Cromwell anatsogoza anthu ambiri asanapite iyeyo. Mantel amatilowetsa m'mutu mwake moti timayiwala kufunsa za anthu amenewo, ndipo inenso ndinatsala pang'ono kuyiwala.

Bukuli lili ndi ine mpaka Lachisanu. Amene sakugwirizana nane alembe yake amate pansipa, koma ayambe wawerengako kaye.