Lamulo Liletse Banja Lonse la Mankhwala Akupha

Mu April 2024, Pulezidenti Julius Maada Bio wa ku Sierra Leone analengeza kuti dziko lake lili pa ngozi cifukwa ca kush, fodya wosakaniza amene waononga acinyamata ambiri. Akatswiri atamupima, anapezamo mankhwala ochedwa nitazene.

Mankhwalawa sacokera ku mbeu monga heroin, amapangidwa m'fakitale. Kampani ya CIBA ku Switzerland inawatulukira m'ma 1950, koma sanaloledwe m'zipatala. Ena a iwo ndi aukali kuposa fentanyl, amene mamiligalamu 2 cabe akhoza kupha munthu. Amacepetsa kupuma mpaka munthu kufera m'tulo.

Bvuto ndi lakuti boma likaletsa mtundu umodzi, opanga amasinthako pang'ono ndi kutulutsa wina umene lamulo silinauchule. Dziko la China linaona zimenezi. Mu 2019 linaletsa banja lonse la fentanyl, ndipo mu 2025 linacita cimodzimodzi ndi nitazene. Iyi ndiyo njira yanzeru. Opanga malamulo m'Zambia aonetsetse kuti a DEC ali ndi mphamvu yotere, pamodzi ndi makina opimira, tsoka lisanafike.

Koma lamulo palokha silikwanira. Ku Britain, nitazene wapezeka m'mapilitsi abodza ooneka ngati a ku cipatala. Motero mabanja m'makomboni aleke kugula mapilitsi pa msika kapena kwa anzao. Munthu akakomoka napuma pang'onopang'ono, asamusiye ati agone. Athamangire naye ku cipatala, pakuti mankhwala a naloxone akhoza kumutsitsimutsa akaperekedwa msanga.