Kuwomba m'manja si kuvota

Kalabu yathu ya ogwiritsa ntchito makompyuta kuno ku Bindura yatsala pang'ono kusankha atsogoleri, ndipo mawu ayamba kale kuyenda m'makutu: "Tisavutike, akomiti omwewa angopitiriza." Ine ndikukana. Ena mwa akomitiwo ndi anzanga odya nawo mbale imodzi, koma ndikukanabe, ndipo ndikukanira poyera kuti pasadzapezeke wonena kuti ndinkang'ung'udzira kuseri.

Mwambo wake tonse tikuudziwa. Tsiku la msonkhano wapachaka anthu amafika mochedwa, magetsi atathima kale, batire la laputopu ya mlembi litatsala pang'ono kutha. Bambo wina waimvi amaimirira, n'kukonza jekete, n'kunena kuti a wapampando agwira ntchito yotamandika, nanga bwanji angopitiriza. Kumbuyo wina amafuula kuti "tavomereza", manja amawombedwa, mlembi amalemba kuti komiti yadutsa popanda wotsutsa. Zonse zatha m'mphindi zochepa kuposa zimene timatenga posankha woyamba kupemphera. Mtsikana amene chaka chonse wakhala akuphunzitsa amayi a mumsika kulemba malonda awo pa Excel amangoyang'ana pansi. Palibe wamufunsa ngati akufuna kuimira. Iyenso sangadzitchule yekha pamaso pa akuluakulu, chifukwa tidamulera kuti mwana wamkazi waulemu sadzikweza.

Ndikatsutsa zimenezi amandiyankha kuti iyi ndi ntchito yongodzipereka, yopanda malipiro, ndiye tikanganiranji. Wonena chotero sadawerenge katundu wa kalabu. Pali makompyuta amene tidapatsidwa ndi akufuna kwabwino ndi ena amene tidagula mosonkherana. Pali rauta, pulinta, sola ndi mabatire. Chibwerere intaneti ya Starlink mu Zimbabwe mu Seputembala 2024, makalabu ngati yathuyi akulakalaka kugula mbale yake, ndipo tsiku limene tidzagule, akaunti yake idzalembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Zosonkha zapamwezi zimalowa pa nambala ya EcoCash ya munthu mmodzi, zina zili madola a ku America, zina zili ZiG, ndipo mtengo umene ndalamazo zasinthidwira amaudziwa msungichuma yekha. Sindikunena kuti alipo waba. Ndikunena kuti tadzikonzera zinthu mwa njira yoti ngakhale wina atabadi, sitingadziwe, ndipo ngakhale atakhala woyera mtima, alibe podziyeretsera anthu akayamba kunong'ona.

Chuma chachikulu kuposa zonsezi chili mkati mwa makinawo. Anthu amabwera kudzalembetsa makalata ofunsira ntchito, kudzajambulitsa ziphaso, makalata akubadwa ndi masatifiketi a sukulu. Mayi wamasiye amabwera ndi mapepala a penshoni ya malemu amuna ake, atawakulunga m'pepala la pulasitiki, n'kuwapereka kwa mnyamata amene sakumudziwa n'komwe. Akachoka, zithunzi za mapepala aja zimatsala m'kompyuta. Dziko lino lili ndi lamulo la 2021 loteteza zinsinsi zotere, Cyber and Data Protection Act, koma lamulo silingabwere kudzakhala pampando wa m'chipinda chathu. Amene amasunga zinsinsi za mayi uja ndi amene ali ndi pasiwedi. Munthu ameneyo ndiye mfumu yeniyeni ya kalabu, kaya dzina lake lili pamndandanda wa komiti kaya ayi. Mutha kusankha wapampando watsopano ndi mavoti onse, koma ngati pasiwedi ya imelo ya kalabu, ya kompyuta yaikulu ndi ya akaunti ya intaneti ikadali m'mutu mwa wakale, mwamupatsa watsopanoyo khasu lopanda mpini. Ndipo munthu wa mphamvu zotere tikumuika pampando ndi kuwomba m'manja?

Kuvota kokweza manja nakonso ndikukukana, ndipo chifukwa chake n'chakuti Bindura ndi tauni ya migodi. Pamgodi uliwonse munthu amadziwa pamene waima: pali manijala, pali kapitawo, pali wantchito wokhazikika, pali wa kontrakiti amene sadziwa ngati mwezi wamawa adzaitanidwanso. Masanjidwe amenewa sathera pageti. Amatilondola ku tchalitchi, ku mpira, ku maliro, mpaka m'chipinda cha kalabu. Mgodi wa Trojan udatsekedwapo mu 2008, mabanja n'kuona zakuda, udadzatsegulidwanso, kenako kukumba nickel kudaimanso chakumapeto kwa 2023, ndipo mu 2024 kampani ya mgodiwo, Bindura Nickel Corporation, idaikidwa m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi boma. Ntchito zasowa. Anyamata ambiri a ku Chipadze ndi Chiwaridzo maso ali ku mgodi wa Freda Rebecca, ena adalowera kokumba golide pawokha ku Kitsiyatota. Tsono mnyamata amene akufuna ntchito angakweze bwanji dzanja kutsutsa bambo amene mawa angamutchulire dzina kwa olemba ntchito? Mpongozi angatsutse bwanji apongozi ake anthu akuona? Dzanja lake lidzakwera pamodzi ndi manja a ena onse, mtima uli kwina. Kapepala kopinda n'kuponya m'katoni ndiko kokha kangamulole kunena zoona n'kukagona mwamtendere.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ambiri mwa ife tikudziwa kupweteka kwa kumanidwa voti. Kalabu yathu ili ndi anzathu Achishona ndi ana a sukulu ochokera m'zigawo zina, koma ambiri ndife zidzukulu za machona. Agogo athu adachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Nkhata Bay, ena wapansi kudzera ku Tete n'kuwoloka Zambezi, ena pa magalimoto a bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a dziko lino. Adakumba, adatsokomola fumbi, adaikidwa m'manda a kuno. Ana awo, obadwira kuno, osadziwa kwina kulikonse, adapatsidwa ziphaso zowatcha alendo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri adauzidwa kuti akakane kaye unzika wa dziko limene sadalipondepo, ndipo amene sadakwanitse adachotsedwa m'kaundula wa ovota. Mayina achipongwe, mabwidi, mabhurandaya, tidawamva tili ana m'makomboni. Zidatengera malamulo oyendetsera dziko a 2013 kuti ndime 43 inene kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo la dziko lina la SADC ndi nzika mwa kubadwa, ndiponso kuti Chichewa chiwerengedwe pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Alipo amalume ndi azakhali athu amene adaima pamizere ya ku ofesi ya ziphaso kuyambira mbandakucha kuti asinthitse chiphaso n'kudzavota koyamba ali ndi imvi. Ndiye ife ana awo, titapeza kamalo kamene voti yathu palibe angatilande, tiitaye tokha chifukwa cha ulesi ndi manyazi? Ayi, abale anga, zimenezo n'zochititsa manyazi zenizeni.

Musandiuze kuti zisankho zadongosolo ndi zachilendo kwa ife. Machona aja, opanda achibale pafupi, adakhazikitsa masosaiti a maliro m'makomboni, okhala ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi buku la zosonkha, kuti mnzawo akamwalira asaikidwe ngati wopanda kwawo. Ambiri a iwo sukulu adailekezera panjira, koma adadziwa kuti ndalama ya gulu imafuna maso ambiri. Kumudzi ku Malawi lero amayi a banki m'khonde amasunga ndalama m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo komiti amaisankha chaka ndi chaka. Ife amene timadzitama kuti timadziwa makompyuta talephera kuchita ndi pasiwedi zimene amayiwo amachita ndi maloko a pamsika. Komanso mawu oti "wamuyaya" Amalawi tikudziwa kumene adatifikitsa: Kamuzu Banda adapatsidwa dzinali mu 1971, ndipo zidatengera referendamu ya 1993 kuti anthu ayambenso kusankha. Kalabu ya makompyuta si dziko, koma khalidwe loopa kufunsa mtsogoleri limaphunziridwa m'timagulu tating'ono ngati timeneti.

Ngakhale mwa anthu a makompyuta chitsanzo chilipo. Debian, imene Ian Murdock adayambitsa mu 1993 ndipo ndiyo maziko a Ubuntu imene timaika m'makompyuta athu akale, imapangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko ambiri. Ali ndi malamulo olembedwa kuyambira 1998, ndipo mtsogoleri wawo amasankhidwa chaka chilichonse. Pa chikalata chovotera pamakhalanso mzere woti wovota anene kuti sakufuna aliyense mwa oimirawo, kotero ngakhale woimira ali mmodzi amayenera kuvoteredwa, sangodutsa. Mu 2019 nthawi yopereka mayina idatha popanda wodzipereka ndi mmodzi yemwe. Sadanene kuti wakale angopitiriza. Adawonjezera nthawi monga malamulo awo amanenera, anthu adatuluka, adafotokoza mfundo zawo, ndipo adasankhidwa Sam Hartman. Anthu amene sakumana maso ndi maso, olankhula zinenero zosiyana, amakwanitsa zimenezi chaka ndi chaka. Ife timakhala m'misewu yoyandikana, timakumana pa maliro amodzi.

Tsono ndilankhule kwa ife amene timawomba m'manja, chifukwa mlandu waukulu ndi wathu. Akomiti athu atopa. Amagwiritsa ntchito mayunitsi awo kuimbira anthu, amanyamula mabatire pa njinga zawo, amasiya mabanja Loweruka kuti atitsegulire chitseko. Tikamakuwa kuti "apitirize", nthawi zambiri si chikondi. Tikuthawa ntchito. Tikuopa kuti wina angatchule dzina lathu, ndiye timathamangira kusenzetsa katundu yemwe uja amene wasenza kale, kenako chaka chonse timamujeda kuti wadzitenga ngati mwini kalabu. Tidamupanga mwini kalabu ndife. Munthu ukamusiyira makiyi zaka zambiri, osamufunsa lipoti, osamuthandiza, asakhale bwanji mwini? Tsiku limene adzadwale kapena kupita ku Johannesburg kukasaka maganyu, monga achitira ambiri, kalabu idzapita naye m'thumba, ndipo tidzatsala tikuyang'ana kompyuta imene ikutifunsa pasiwedi.

Posankha, tisiyenso chizolowezi chopereka mpando kwa amene ali ndi laputopu yodula kapena digiri. Kudziwa kukonza kompyuta ndi luso lina, kutsogolera anthu ndi luso linanso. Katswiri amene amaseka agogo akalephera kugwira mausi sayenera kukhala wapampando, ngakhale atadziwa kulemba mapulogalamu usiku wonse. Ophunzira a ku Bindura University of Science Education ndi dalitso kwa ife, alowe m'komiti ndithu, koma tikumbukire kuti akamaliza maphunziro amabwerera kwawo, choncho asasunge okha akaunti iliyonse. Amayi tawazoloweza udindo wa ulembi ndi wokonza tiyi, pamene ndiwo ambiri mwa ophunzira athu ndipo ndiwo amapereka zosonkha pa nthawi yake. Mpando waukulu ndi wosunga chuma nawonso ndi wawo. Funso langa kwa woimira aliyense ndi limodzi: chaka chathachi mwaphunzitsa ndani, ndipo munthuyo lero akutha kuchita chiyani payekha? Woyankha ndi mayina a maudindo amene adakhalapo akhale pansi.

Zimene ndikupempha sizifuna ndalama. Tsiku la chisankho lilengezedwe kudakali milungu ingapo, m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chingerezi, ndipo mayina a oimira aperekedwe molemba tsikulo lisanafike kuti wamanyazi asachite kuimirira pagulu. Msungichuma awerenge lipoti tisanavote, ali ndi malisiti ndi mndandanda wa EcoCash m'manja, ndipo wofunsa funso asatchedwe wamwano. Woyendetsa chisankho akhale munthu wakunja, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo amene sakuimira ndipo alibe m'bale woimira. Mavoti awerengedwe pomwepo, patebulo, aliyense akuona. Amalawi adaona zimene zimachitika manambala akakonzedwa kuseri ndi Tippex, mpaka khoti lidafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020, ndiye katoni yathu isatuluke m'chipinda isanatsegulidwe. Munthu asakhale pa mpando umodzi kupitirira maulendo awiri otsatizana. Akafuna kutumikirabe, ntchito yophunzitsa ilipo yambiri ndipo ilibe malire.

A wapampando, bambo anga, ndikudziwa kuti mawu awa awawa, ndipo ndikudziwa zimene mwatichitira. Ngati anthu akukufunanibe, kapepala kachinsinsi kadzanena zimenezo momveka kuposa manja onse amene adawombedwapo, ndipo palibe adzakunyozeninso kuseri. Ngati asankha wina, tsiku lomwelo, anthu asanabalalike, akomiti akale ndi atsopano akhale pamaso pa kompyuta yaikulu. Mapasiwedi onse asinthidwe pamenepo, asungidwe ndi anthu osachepera awiri, ndipo nambala ya foni yobwezeretsera akaunti ikhale ya kalabu, osati ya munthu. Mafayilo a ziphaso za anthu amene ntchito yawo idatha afufutidwe mlembi akuona, ndipo zonse zilembedwe m'buku, asainire wopereka ndi wolandira.